Mlandu suola, koma umboni umaola

M'mawa wa pa 24 Seputembala 2011, mtembo wa mnyamata udapezeka pasukulu ya ukachenjede ya Polytechnic mumzinda wa Blantyre, kwa anansi athu ku Malawi. Dzina lake adali Robert Chasowa. Adali ndi zaka 25, ndipo ankaphunzira za uinjiniya. Ankadziwikanso chifukwa chodzudzula boma la nthawi imeneyo.

Apolisi adalengeza kuti mnyamatayo wadzipha yekha podumpha kuchokera pamwamba pa nyumba yosanja. Adaonetsanso makalata amene adati adasiya potsanzika. Nkhani ikadathera pomwepo. Koma mtembowo udapimidwa ndi dokotala wodziwa kufufuza chimene chapha munthu, Dr Charles Dzamalala.

Zimene thupi lidaulula

Munthu akagwa kuchokera pamalo aatali, thupi lake limaonetsa. Kawirikawiri miyendo, manja, nthiti kapena msana zimathyoka. Dokotalayo sadapeze zizindikiro za munthu wogwa chotero. Adapeza mabala a m'mutu, oonetsa kuti adamenyedwa ndi chinthu cholimba chosathwa.

M'chaka cha 2012, Pulezidenti Joyce Banda adakhazikitsa gulu lofufuza za imfayi, motsogozedwa ndi woweruza milandu Andrew Nyirenda. Gululo lidapeza kuti Chasowa adachita kuphedwa, ndipo anthu angapo adamangidwa. Palibe amene akadatha kumufunsa malemuyo. Mabala ake ndiwo adamuyankhulira.

Ofufuza amawerenga chiyani?

Kuno ku Chipera tikudziwa alenje odziwa kutsata mapazi a nyama. Akayang'ana pansi amakuuzani kuti apa padutsa nguluwe, inali kuthamanga, ndipo yadutsa usiku. Ofufuza milandu amagwira ntchito yofanana nayo.

Mapazi ndi matayala a njinga amaonetsa kumene wachiwembu adachokera ndi kumene adalowera. Zala zathu zili ndi timizere, ndipo palibe anthu awiri amene timizere tawo timafanana, ngakhale mapasa. Tikagwira mpeni, botolo kapena chitseko, timasiyapo chidindo. M'magazi, m'malovu ndi m'mizu ya tsitsi muli chizindikiro chotchedwa DNA, chimene akatswiri amachipima kuti adziwe mwini wake. Mfuti nayo imasiya zipsera zake pa chipolopolo chimene yatulutsa.

Ngakhale kagonedwe ka mtembo kali ndi tanthauzo. Mtima ukaima, magazi amatsikira kumbali imene thupi lagonera, ndipo khungu la mbali imeneyo limasintha mtundu. Ngati mtembo wapezeka chagada koma magazi adasonkhana kumimba, dokotala amadziwa kuti wina adautembenuza, kapena adaunyamula kuchokera kwina.

Mmene timafafanizira umboni osadziwa

Zovuta zikagwa pamudzi, tonse timathamangira komweko. Timazungulira mtembo, mapazi athu n'kukwirira mapazi a wakupha. Wina amatola nkhwangwa n'kuionetsa kwa anzake, ndipo imadutsa m'manja khumi. Achibale amasambitsa thupi, kuchapa kapena kutentha zovala, ndi kusesa pabwalo. Amachita zimenezi chifukwa cha chikondi ndi ulemu. Koma amene amapindula ndi wakuphayo.

Nthawi nayo siyembekeza. Dzuwa la kuno ku Tete limaononga thupi msanga, mvula imakokolola mapazi, ndipo Fingoé ndi mzinda wa Tete zili kutali. N'chifukwa chake uthenga uyenera kunyamuka nthawi yomweyo.

Tichite chiyani?

Choyamba, onani ngati munthuyo akupuma. Ngati ali moyo, thamangirani naye kuchipatala, pakuti moyo ndiwo woyamba. Ngati wamwalira, musamusunthe. Dziwitsani amfumu ndi apolisi mwamsanga. Ikani nthambi kapena chingwe mozungulira malowo, ndipo anthu awiri akuluakulu alondere kuti ana, agalu ndi ziweto zisafikepo. Musagwire chida chilichonse. Amene ali ndi foni ajambule ali chapatali, koma zithunzizo apereke kwa apolisi okha, asazimwaze pa WhatsApp. Amene amatha kulemba alembe tsiku, nthawi ndi dzina la amene adayamba kuona mtembowo. Musaike maliro akuluakulu a boma asanalole.

Zimene lamulo lathu likunena

Kuno ku Mozambique, nthambi yofufuza milandu imatchedwa SERNIC. Idakhazikitsidwa m'chaka cha 2017, kulowa m'malo mwa PIC. Imagwira ntchito motsogozedwa ndi oimira boma pa milandu, amene pa Chipwitikizi timati Ministério Público. Kupima mtembo ndiko kumene mumamva akuti autópsia. Achibale ena amakana poopa kuti thupi la mbale wawo linyozeka. Koma kupimako ndiko kudaulula zoona pa imfa ya Chasowa.

Mlandu wakupha munthu ndi wa boma. Sungathe pa bwalo la amfumu, ndipo sungafafanizidwe ndi mbuzi kapena ng'ombe, ngakhale mabanja awiriwo atagwirizana.

Malamulo aakulu a dziko lathu, pa ndime 59, akuti munthu woganiziridwa mlandu ndi wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa. Pa ndime 40 akuti dziko lino lilibe chilango cha imfa. Choncho kumenya kapena kuotcha munthu chifukwa cha mphekesera kapena maula ndi mlandu winanso wakupha. Umboni weniweni umagwira wolakwa, komanso umapulumutsa amene akungonamiziridwa.

Makolo athu adati mlandu suola. Zoonadi, ungathe zaka uli m'khoti. Koma mapazi, magazi ndi mabala zimatha m'masiku ochepa, ndipo amene amafika pamalopo apolisi asanabwere ndife eni mudzi.

Kambiranani m'kalasi mwanu: zoterezi zitachitika m'mudzi mwanu lero, ndani angapite kukauza apolisi, ndipo ndani angalondere malowo?