Kafukufuku wa ku Queens ndi matenda ofa ziwalo ku Machinga ndi Balaka

Munthu akadzuka m'mawa pakamwa patapotoka, mkono ndi mwendo wa mbali imodzi zitalefuka, achibale ambiri ku Ntaja, Nsanama, Ulongwe kapena Phalula amayamba athamangira kwa sing'anga poganiza kuti m'bale wawo waponyeredwa. Pomwe amadzafika naye pa chipatala cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka, masiku amakhala atapita. Komatu matendawa, omwe achipatala amawatcha sitiroko, gwero lake lili mu ubongo: mtsempha wa magazi umatsekeka kapena kuphulika, ndipo mbali ya ubongo yomwe yasowa magazi imafa.

Zambiri zomwe tikudziwa za matendawa m'dziko muno zidachokera ku kafukufuku wa pa chipatala cha Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre. M'chaka cha 2005, Dr. Johnstone Kumwenda wa ku College of Medicine, sukulu yomwe tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, adasindikiza limodzi ndi anzake zotsatira zawo m'magazini ya madokotala yotchedwa Stroke. Mwa odwala 98 omwe adawaunika, pafupifupi theka adali ndi kachilombo ka HIV, ndipo amenewa adali a zaka zochepa poyerekeza ndi enawo. Kujambula ubongo kudaonetsanso kuti ena omwe ankaoneka ngati agwidwa sitiroko adali ndi matenda ena a mu ubongo, ofuna mankhwala akeake. Ichi chidali chenjezo kwa madokotala kuti sitiroko kuno kwathu si ya nkhalamba zokha, ndipo si bwino kuweruza ndi maso okha.

Ntchitoyi idatsegula njira. Dr. Laura Benjamin, pansi pa bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome Trust, adayerekeza odwala sitiroko 222 ndi anthu 503 omwe sadali kudwala matendawa. Zotsatira zake, zomwe zidatuluka mu 2016 m'magazini ya Neurology, zidasonyeza kuti kuthamanga kwa magazi ndiko kuli patsogolo poyambitsa sitiroko, ndipo HIV ikubwera pambuyo pake. Chodabwitsa chidali chakuti chiopsezo chidali chachikulu m'miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira munthu atayamba kumwa ma ARV, makamaka kwa omwe chitetezo chawo cha m'thupi chidali chitatsika kale. Tanthauzo lake si lakuti anthu asiye mankhwalawa ayi, koma kuti ayezetse ndi kuwayamba thupi lisanafooke.

Nkhani ya kuthamanga kwa magazi ndi yomwe iyenera kutidetsa nkhawa. Kafukufuku yemwe Unduna wa Zaumoyo udachita ndi bungwe la WHO mu 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 adali ndi vutoli, ndipo ochuluka zedi sankadziwa. Vutoli nthawi zambiri silimva kuwawa. Mlimi atha kulima dimba lake m'mbali mwa Shire chaka chonse osadandaula kalikonse, mpaka tsiku lomwe khasu lidzamugwa m'manja.

Ena amafunsa ngati ubongo womwe wafa ungathe kukonzedwanso. Akatswiri a kunja akuyesa kugwiritsa ntchito maselo apadera otchedwa stem cells, omwe amatha kusanduka maselo a mitundu ina m'thupi. Mu 2016, Dr. Gary Steinberg wa ku Stanford ku America adalengeza kuti adabaya maselo otere mu ubongo wa odwala 18, ndipo ena mwa iwo adayamba kuyendetsa bwinoko ziwalo. Koma anthu 18 ndi ochepa, ndipo njirayi ikadali yoyesera. Aliyense wolonjeza kuchiritsa sitiroko ndi maselowa pa malipiro ndi wofunika kusamala naye.

Chomwe munthu wa ku Machinga kapena Balaka angachite lero n'kuyezetsa BP pa chipatala cha pafupi, kuchepetsa mchere m'ndiwo, kusiya fodya, ndi kumwa mankhwala mosadumphitsa ngakhale akupeza bwino. Wina akayamba kulankhula mosamveka kapena kulefuka mbali imodzi, apite naye ku chipatala tsiku lomwelo, komwe madokotala angamutumize ku Zomba Central kapena ku Queens ngati kuli kofunika kutero.