Fakitale Ikasamuka: Kutha kwa Ntchito ndi Kusowa Pokhala ku United States

Mchitidwe wotchedwa outsourcing, umene kampani imasiya kugwira yokha ntchito ina n'kuipereka kwa kampani ina kapena kuisamutsira kudziko la malipiro otsika, wasintha kwambiri moyo wa m'mizinda ya mafakitale ku United States. Pangano la NAFTA, lomwe linachepetsa msonkho wa katundu pakati pa United States, Canada ndi Mexico, litayamba kugwira ntchito mu 1994, ndiponso dziko la China litalowa m'bungwe la zamalonda la WTO mu 2001, makampani ambiri anaona kuti phindu lili popangira katundu kunja. Pakati pa 2000 ndi 2010, ntchito za m'mafakitale zinatsika kuchoka pa 17 miliyoni kufika pafupifupi 11.5 miliyoni, ngakhale kuti zina zinatha chifukwa cha makina olowa m'malo mwa anthu komanso kugwa kwa chuma kwa mu 2008. M'tauni ya Galesburg, m'chigawo cha Illinois, kampani ya Maytag inatseka fakitale yake ya mafiriji mu 2004 n'kusamutsira ntchito yambiri ku Reynosa, ku Mexico, ndipo anthu pafupifupi 1,600 anatsala manja ali m'khosi.

Munthu wochotsedwa ntchito sagona panja tsiku lomwelo, chifukwa nyumba imamuchoka pang'onopang'ono, ndipo n'chifukwa chake ambiri saona kugwirizana kwa zinthu ziwirizi. M'zigawo zambiri boma limapereka ndalama zothandizira wochotsedwa ntchito kwa masabata osapitirira 26, ndipo ndalamazo zimakhala gawo chabe la malipiro ake akale. Choopsa kwambiri n'chakuti m'dzikolo inshuwalansi ya chipatala ya anthu ambiri imadzera kwa owalemba ntchito, kotero kuti ntchito ikatha, matenda a munthu mmodzi m'banjamo atha kumeza ndalama zonse zimene anasunga. Ntchito yatsopano ikapezeka, kawirikawiri imakhala ya m'sitolo kapena m'nyumba zosungiramo katundu, ya malipiro ochepa ndiponso maola osakhazikika, pamene lendi kapena ngongole ya nyumba ikadali pomwepo. Lendi ikalephereka, mwininyumba amakasuma kukhoti, chikalata chimamatidwa pachitseko, ndipo dzina la munthuyo limalowa m'kaundula amene eninyumba ena amayang'ana asanalandire wochita lendi watsopano.

Matthew Desmond, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu amene anafufuza za kuthamangitsidwa m'nyumba mumzinda wa Milwaukee n'kulemba buku la Evicted mu 2016, anaonetsa kuti vutoli limayendanso chobwerera: wothamangitsidwa m'nyumba amakhala pachiopsezo chachikulu chotayanso ntchito imene ali nayo, popeza amajomba pofunafuna pogona ndiponso amasamukira kutali ndi kuntchito. Banja limayamba lagawikana, ana kwa agogo awo, makolo pabalaza la mnzawo. Kenako limalowa m'chipinda chimodzi cha motelo yolipira pa sabata. Pamapeto pake limagona m'galimoto yoimikidwa kuseri kwa sitolo yaikulu, mabulangete atatchinga mawindo, zovala za kusukulu zili m'majumbo pansi pa mpando.

Komabe kungakhale kulakwa kunena kuti kusamuka kwa mafakitale ndiko kokha kumadzaza misewu ndi anthu opanda nyumba. Gregg Colburn ndi Clayton Page Aldern, m'buku lawo la mu 2022 lotchedwa Homelessness Is a Housing Problem, anaonetsa kuti mizinda yolemera ngati San Francisco ndi Seattle ili ndi osowa pokhala ambiri, poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu ake, kuposa Detroit, mzinda wa magalimoto umene unataya ntchito zochuluka mpaka anthu ake kutsika kuchoka pa 1.8 miliyoni mu 1950 kufika pafupifupi 640,000 mu 2020. Chifukwa chake n'chakuti kumene lendi ili yotsika, wotaya ntchito amatha kugwirabe kachipinda ndi ndalama za ganyu, pamene kumene nyumba ndi zochepa ndiponso zodula, kuphonya malipiro a miyezi iwiri kumakwanira kumutulutsa. Kutha kwa ntchito kumayambitsa kugwa, koma mtengo wa nyumba ndiwo umagamula kumene munthu akathere.

Izi sizikutanthauza kuti mizinda ya mafakitale inapulumuka, chifukwa mavuto ake ambiri salowa m'kawerengedwe ka boma. Unduna woona za nyumba wa HUD umawerenga anthu pa usiku umodzi wa mu January, ndipo mu 2024 unapeza oposa 770,000 ogona panja kapena m'nyumba zachifundo, koma sunawerenge amene anabisala m'makomo mwa achibale. Masukulu, amene amawerenganso ana okhala mothithikana kwa eni, amapeza ophunzira opanda nyumba yawo oposa 1 miliyoni chaka chilichonse. Ku Detroit nyumba zambiri zinatayika m'njira inanso yowawa: mitengo ya nyumba itagwa, mzinda unapitiriza kulipiritsa msonkho wowerengedwa pa mitengo yokwera, ndipo mabanja masauzande ambiri, ena mwa iwo atamaliza kale kulipira nyumba zawo ndi malipiro a kufakitale, analandidwa nyumbazo chifukwa cha ngongole ya msonkho.

Boma linali ndi ndondomeko yotchedwa Trade Adjustment Assistance, yoyambika mu 1962, imene inkalipirira maphunziro a ntchito yatsopano ndi kuwonjezera nthawi ya chithandizo kwa amene ntchito zawo zatha chifukwa cha malonda ndi mayiko akunja. Ngakhale inali ndi zofooka, popeza maphunziro sapindula kwenikweni m'tauni imene mulibe wolemba ntchito, inkapatsa banja miyezi ingapo yolipirabe lendi. N'zomvetsa chisoni kuti aphungu sanaikonzenso nthawi yake itatha, ndipo kuyambira mu July 2022 inasiya kulandira madandaulo atsopano.