NDINKADZIYESA CHITSULO MPAKA MAKINA A BP ATANDITSUTSA

Inu anzanga a geni amene mumalandira madengu a tomato mbandakucha ku Limbe, ku Ndirande kapena kwa Wakawaka ku Lilongwe, munayamba mwadzifunsa kuti katunduyo amafika bwanji pamsewu wa M1 asanakwere lole? Ambiri amabwera pa kaliyala ya njinga, ndipo mmodzi mwa otchova njingazo ndine, mwana wa kwa Champiti ku Ntcheu, zaka 46, makolo anga Angoni enieni.

Njinga ndinayamba kupalasa miyendo isanafike n'komwe pansi. Tomato, anyezi, kabichi, nthawi zina matumba awiri a chimanga, zonse ndakhala ndikukwera nazo zitunda kupita ku msika wa Kampepuza ngakhalenso pa boma. Munthu akandiuza za chipatala ndinkangoseka. Ndinkati odwala mtima ndi mabwana a mimba zazikulu okhala m'maofesi, osati ife odya thukuta.

Mu 2022 achimwene anga, amene anandiphunzitsa kumata chubu ndi kukunga masipoko, anagwa akumanga katundu pa njinga. Sitiroko. Lero dzanja ndi mwendo wakumanja sizigwira, ndipo njinga yawo ili pakhonde, nkhuku zikugonapo. Munthu ameneyu ankandisiya kutali pa chitunda chilichonse.

Mayi a kunyumba sanandipatsenso mtendere. "Bambo, mukayezetse. Ine sinditha kusamala amuna awiri ogona." Ndinapita kuti angosiya kundisokosa. Adokotala anandimanga kansalu kaja pamkono, kakufufuma, kenaka anandiyang'ana kawiri. 158 pa 98. Anandiuza kuti ndibwerenso tsiku lina, ndipo nditabwerera manambala anali omwewo. Akuti kuyambira 140 pa 90 kupita m'mwamba ndiye kuti magazi akuthamanga mopyola.

Ine amvekere, "Adokotala, makina anuwa ndi owonongeka. Ine ndimapalasa njinga tsiku lililonse." Iwo anangoti, "Bambo, njingayo ikukuthandizani ndithu, koma siichotsa mchere umene mumadya, siichotsa kachasu, ndiponso siisintha magazi a kumtundu kwanu." Anandiuzanso kuti kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'Malawi muno ali ndi vutoli, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Werengani mabenchi atatu mumsika mwanumo, muone kuti mmodziyo angakhale ndani.

Anandipatsa mankhwala, ndipo ndimamwa mpaka lero. Koma chimene chinkandivuta ndi ichi: ngati thupi linandinamiza zaka zonsezi, ndidziwa bwanji kuti tsopano likusintha?

Yankho linachokera kwa mwana wa alongo anga, mnyamata wokonda zamasewera amene sachotsa maso pa foni. Iye anandionetsa momwe akatswiri a mpikisano wa Tour de France amadziyezera. Mpikisano umenewu unayamba mu 1903, umatenga masabata atatu, ndipo mu 2024 Biniam Girmay wa ku Eritrea anakhala munthu wakuda woyamba wa mu Africa kupambana chigawo chake. Anthu amenewo amawakweza pa njinga yosayenda, amawaveka chophimba pakamwa chokhala ndi paipi, n'kumayeza mpweya umene thupi likugwiritsa ntchito. Amawabayanso kukhutu kapena pachala kuti aone magazi. Akuti Miguel Indurain wa ku Spain, amene anapambana kasanu motsatizana kuyambira 1991 mpaka 1995, mtima wake akapumula unkagunda ka 28 kokha pa mphindi. Ine ndinati ameneyo anali munthu kapena fulu?

"Amalume," anatero mnyamatayo, "inu makina mulibe, koma zala muli nazo, wotchi ili pa foni, chitunda chili pakhomo."

Ndiye kuyeza kwanga kuli motere. M'mawa ndisanadzuke pamphasa ndimaika zala ziwiri pamkono, munsi mwa chala chachikulu, n'kuwerenga kugunda kwa mtima kwa masekondi 15, kenaka kuchulukitsa kanayi. Munthu wamkulu wopumula amayenera kukhala pakati pa 60 ndi 100. Tsiku loyamba ndinapeza 19, kutanthauza 76.

Kuyeza kwachiwiri ndi kumene anthu a m'mudzi amati ndapenga. Pali chitunda china kwathu kuno chimene chimayambira pa kamlatho n'kukathera pa mtengo wa mango. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ndimamanga thumba la chimanga la makilo 50 pa kaliyala, thumba lomwelo, matayala opopa mofanana, nthawi yomweyo dzuwa lisanatenthe. Apa ndiye pagona nkhani, poti ukasintha katundu kapena nthawi, manambala sakuuzanso zoona, monga wogulitsa mpunga amene lero akuyezera kapu iyi, mawa kapu ina. Ndimayamba pa kamlatho, ndimatchova osatsika, ndikafika pa mango ndimaona nthawi, n'kugwira mkono pompo. Ndikatha mphindi imodzi ndili chiimire, ndimagwiranso.

Ulendo woyamba ndinatenga mphindi 14 ndi masekondi 40, ndili wefuwefu, malovu atauma. Mtima unali pa 168. Akuti ukachotsa zaka zako pa 220 umapeza pafupifupi malire a mtima wako, ndiye ine malire anga ndi cha m'ma 174, ngakhale masamu amenewa ndi ongoyerekeza, sagwira aliyense mofanana. Patatha mphindi imodzi unatsikira pa 152. Nambala imene ndimaikonda kwambiri ndi imeneyi, ya katsikidwe, chifukwa mtima wamphamvu umabwerera msanga. Liwiro ukhoza kulikakamiza chifukwa atsikana akukuonerera pa mjigo, koma katsikidwe ka mtima sungakanyengerere.

Zonsezi ndimalemba m'kope la ana a sukulu, limene ndimasunga pamodzi ndi kope la ngongole. Anzanga pa bawo anandiseka koopsa. Wina anati ndalowa za masalamusi, wina anati ndikufuna kukapikisana ndi azungu pa njinga yanga ya Humber yopanda magiya. Ine ndinawafunsa kuti nanga inu bwanji mumalemba aliyense amene watenga tomato wa pangongole? Poti mutu umaiwala, ndiponso umakondera. Ukafunsa mwamuna wa Chingoni kuti thupi lili bwanji, ayankha kuti lili bwino ngakhale akufa.

Kopelo landiululira zinthu zimene sindinkafuna kumva. Tsiku lililonse lotsatira usiku wa kachasu, nambala ya m'mawa inkakwera mpaka 84 kapena 88. Zinachitika kanayi, ndipo kachisanu ndinalibenso chonamizira. Sindinena kuti ndinasiyiratu, Mulungu akundiona, koma kabotolo kaja tsopano kamandiona patalipatali. Za mchere nazo, WHO imati munthu asapyole magalamu 5 pa tsiku, kasupuni ka tiyi kosadzaza n'komwe. Ine mchere umenewo ndinkauthira pa tchipisi ndi kanyenya wa pa chiwaya kamodzi kokha, nsima isanabwere.

Mwezi wa Febuluwale chaka chatha nambala ya m'mawa inalumpha kufika pa 92 masiku awiri otsatizana, mowa osamwa, thupi likungomveka lolemera pang'ono. Kale ndikanamanga katundu n'kunyamuka. Ndinapita kukayezetsa, anapeza malungo. Ndinataya masiku atatu a geni, pamene kale malungo ankandigoneka masabata awiri, mpamba n'kuthera pa mphasa.

Pano m'mawa ndimapeza 16, kutanthauza 64. Chitunda chija ndimachimaliza pa mphindi 12 ndi masekondi 5, ndipo mtima umatsika ndi 30 pa mphindi yoyamba. BP ulendo watha inali 134 pa 86. Adokotala atatsegula kope langa anaseka, koma anawerenga masamba onse, kenaka anandichenjeza kuti tsiku limene ndidzamve kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena mtima kugunda modumphadumpha pa chitundapo, nditsike pompo ndipo ndisadikire kuti kuche. Anatinso manambala abwino si chilolezo chosiyira mankhwala. Inunso amene mukufuna kutengera, yambani mwayezetsa BP musanakathamangire chitunda ndi thumba kumbuyo.

Anyamata ambiri kuno asiya njinga zopalasa, agula zamoto za kabaza, ndipo sindiwada poti ndalama ili kumeneko. Mmodzi wa iwo, wa zaka 24, wakhala akundinena kuti madala akungodzitama. Tapangana kuti Loweruka loyamba la mwezi wa mawa abwereke njinga ya achimwene ija, amange thumba lake la makilo 50, tiyambire limodzi pa kamlatho. Wotsala apereka tambala. Achimwene ati tiwanyamule tikawakhazike pansi pa mango, foni agwira ndi dzanja lamanzere.