Kuzindikira Mitengo ya Makungwa Ofiira pa Ulendo wa M'phiri

Tikatenga ana kupita nawo kuphiri pa phunziro la Sayansi, maso ao amathamangira pa mtengo wofiira. Tisamafulumire kuŵauza dzina lake. Tiyambe taŵafunsa kuti, "Kodi kufiiraku kuli pati?" Funso limeneli ndilo mfungulo, pakuti mitengo siifiira mofanana.

Ina imafiira kunja. Msetanyani umakonda m'mapiri amiyala. Khungwa lake nlosalala ndi loŵala, ndipo likamasupuka limaonetsa mabanga ofiirira. Tsamba lake nlalikulu, la nsonga zisanu. Ana aŵerenge nsongazo, asisitenso thunthu, ndipo adzamvetsa okha chimene makolo anautchulira dzina lotere. Ku Nyika kuli mtengo wotchedwa Hagenia, umene khungwa lake lofiira limasendeka ngati mapepala. Pamwamba pa phiri la Mulanje pali mkungudza, wa khungwa loderako mofiirira, long'ambika m'litali, ndi thabwa lonunkhira bwino.

Ina imabisa kufiira m'kati. Mlombwa kunja ngwotuŵa ndi wokakala, koma ukavulala umatulutsa utomoni wonga magazi. Tingauzindikire osaukhudza nkomwe: zipatso zake nzozungulira ngati kambale, ndi timinga pakati.

Apa mpamene pagona ngozi. Mwana akamva za "magazi" a mlombwa amafuna kutema kuti adzionere yekha, ndipo ana makumi anayi atatema mtengo umodzi angathe kuupha. Chakudya chimene masamba amapanga chimatsikira ku mizu kudzera m'kati mwa khungwa. Khungwalo likadulidwa kuzungulira thunthu lonse, mizu imafa ndi njala, ndipo mtengo umauma. Mkungudza unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko la Malaŵi mu 1984, komabe nkhwangwa ndi moto zinaupulula mpaka ikuluikulu kusoŵa. Ana athu ayenera kudziŵa zimenezi.

Choncho mipeni itsale kunyumba. Mwana aliyense atenge pepala ndi pensulo. Aike pepalalo pathunthu nakhutize ndi pensulo mpaka maonekedwe a khungwa atuluke. Atole tsamba ndi chipatso zogwa zokha. Alembe malo amene mtengowo wamera. Ngati tifuna kuŵaonetsa utomoni, tifunefune bala lakale. Pobwerera m'kalasi, magulu afanizire zimene apeza, ndipo maina amene asoŵa akafunse kwa akuluakulu a m'mudzi. Mtengo umene mwana waudziŵa ndi dzina sautema mwachisawawa.