Sikelo kapena printa ikasiya kugwira, yesani kaye serial port

Amalonda ena amalumikiza sikelo ya magetsi kapena printa ya malisiti ku kompyuta kudzera pa serial port. Aka ndi kamalo ka kumbuyo kwa kompyuta kokhala ndi mapini 9, asanu pamwamba ndi anayi pansi. Musakasokoneze ndi ka VGA kolumikizira sikirini, komwe kali ndi timabowo 15.

Malisiti akasiya kutuluka, ambiri amathamangira kukagula chingwe kapena printa ina, chonsecho vuto mwina lili pa kompyuta. Musanatulutse ndalama, yesani ndi kapulagi kotchedwa loopback.

Ntchito yake njosavuta. Pini nambala 3 ndi imene imatumiza uthenga, pomwe nambala 2 imalandira. Kapulagika kamalumikiza mapini awiriwa, choncho chimene kompyuta yatumiza chimabwerera kwa iyo yomwe. Ngati mulibe kapulagi, kawaya kakafupi kangagwire ntchito yomweyi, bola kasakhudze mapini ena. Mukayang'ana mapini a pakompyuta, mzere wa pamwamba umayamba ndi 1 kumanzere mpaka 5 kumanja.

Zimitsani kompyuta, chotsani chingwe cha sikelo kapena printa, lowetsani kapulagi, kenako yatsani. Pa Windows, tsegulani Device Manager kuti muone dzina la port yanu, monga COM1. Mukatero tsegulani pulogalamu yaulere ya PuTTY, sankhani Serial, lembani dzinalo, liwiro mulisiye pa 9600, ndipo dinani Open.

Tsopano lembani mawu alionse. Zilembo zikamaoneka pa sikirini, port ikutumiza ndi kulandira bwino. Kuti mutsimikize, chotsani kapulagi n'kulembanso: pasaoneke kanthu.

Port ikapezeka kuti ili bwino, kayang'aneni chingwe, makinawo, kapena liwiro, chifukwa kompyuta ndi sikelo ziyenera kukhala pa liwiro limodzi. Ngati zilembo sizikuoneka, onaninso mapini ndi dzina la port. Zikakanikabe, simufunika kompyuta ina ayi. Kachingwe ka USB to serial kamalowa m'malo mwake, ndipo nakonso kamayesedwa chimodzimodzi.

Inu ogula ndi kugulitsa makompyuta akale, yendani ndi kapulagika m'thumba. Kuyesa kumatenga mphindi zochepa, ndipo kasitomala akaona yekha zilembo zikubwerera, sadzabweranso mawa kudzafuna ndalama zake.