OFUNA KUCEPETSA THUPI ASAIWALE IMPSO

Munthu wonenepa akauzidwa kucipatala kuti acepetse thupi, kambiri amasiya nsima nayamba kudya nyama, mazira ndi kapenta basi. Zakudya zomanga thupi zimenezi zimakhutitsa, ndiponso zimasunga minofu pamene mafuta alikutha. Koma zikaculukitsa zimapatsa impso nchito yaikulu.

Thupi likagaya zakudyazi, m'magazi mumatsala zoipa zochedwa urea, ndipo impso ndizo zimazicotsa kupyolera mu mkodzo. Munthu wamkulu wolemera makilo 70 afunika magalamu pafupi-fupi 56 a zomanga thupi pa tsiku. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6.

Impso zolimba zimapirira ngakhale munthu apyoze pang'ono muyeso umenewu. Ngozi ili kwa odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi, popeza matendawa amaononga impso mwakacetecete, mwini osamva kuwawa kulikonse. Kwa anthu otere, kucurukitsa nyama ndiko kusenzetsa katundu impso zotopa kale.

Motero wofuna kucepetsa thupi ayambe wapimitsa mkodzo ndi magazi kucipatala. Acepetse nsima koma osaisiyiratu, adye ndiwo zamasamba, nyemba ndi nshawa pamodzi ndi nsomba, ndipo mcere ukhale wocepa.