Kuthamangitsa Khadi ya Zithunzi ndi Zobvuta Zake

Nkhani ya lero ndi ya khadi ya zithunzi, cipangizo cimene cimakhala m'kati mwa kompyuta ndi kujambula zonse zooneka pagalasi. Anyamata ambiri a m'Lusaka, kuyambira ku Kabwata kufikira ku Chelstone, amagula makhadi a Nvidia kapena a AMD kuti azicitira masewera ndi kukonzera mafilimu a maukwati. Ena, pofuna liwiro losalipira, amaumiriza khadi kuti ithamange kupitirira muyeso umene anaika oipanga. Nchito imeneyi pa Cingelezi amati overclocking, ndipo ambiri amaicita ndi pulogalamu yochedwa MSI Afterburner.

Tsono khadi youmirizidwa imakana m'njira zitatu, ndipo njira iriyonse iri ndi tanthauzo lake. Pagalasi pakaoneka timadontho ndi timizere ta mitundumitundu, kawirikawiri ndiye kuti memori ya khadi yathamangitsidwa mopitirira. Masewera akatsekeka okha, kapena galasi likada ndi kuyeranso, colakwa cimakhala pa liwiro la mtima wa khadi, pakuti Windows ikaona kuti khadi yakhala masekondi 2 yosayankha, imaidzutsa mwatsopano. Koma kompyuta yonse ikazima ngati nyali, munthu ayambe wakayikira bokosi logawa magetsi, cifukwa khadi yothamanga imadya magetsi ambiri.

Munthu wa m'Lusaka asanakhudze manambala, aganizire za malo amene akhala. Coyamba ndico kutentha. Makhadi ambiri a Nvidia amadzicepetsera okha liwiro akafika pafupi ndi madigiri 83. Khadi imene inayenda bwino m'mawa wozizira wa June ikhoza kukana masana a October, pamene kunja kumapitirira madigiri 30. Ndiponso mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,200, pamene mpweya uli wopepuka ndipo sucotsa kutentha monga wa kugombe la nyanja ku Beira. Caciwiri ndico fumbi la August ndi September, limene silisankha nyumba: limatseka mafani ku Kabwata monga momwe limawatsekera ku Woodlands ndi ku Kabulonga.

Cacitatu ndi magetsi. M'caka ca 2024 madzi anacepa kwambiri m'damu la Kariba, ndipo a ZESCO anali kuzima magetsi maora ambiri tsiku liri lonse. Pa nyengo yotere anthu amadalira majenereta ang'ono, amene mphamvu yake imakwera ndi kutsika. Kompyuta ikazima pa magetsi otere, si bwino kuimba khadi mlandu msanga. Aiyese kaye pa magetsi okhazikika.

Palinso nkhani ya makhadi ogwiritsidwa kale nchito. Kufikira September 2022 anthu m'maiko ambiri anali kupeza ndalama za pa intaneti zochedwa Ethereum poyendetsa makhadi usana ndi usiku, nchito imene ankaicha kukumba, ngakhale kuti panalibe mgodi. Njira imeneyi itatha, makhadi ambiri anagulitsidwa motsika mtengo. Khadi yotere imakhala ndi mafani otopa, ndipo phala lopititsa kutentha limakhala litauma. Wogula khadi yakale m'tauni afunse mbiri yake, ndipo aike phala latsopano asanaiumirize.

Njira yokonzera ndi iyi. Poyamba munthu abwezere manambala onse pa muyeso wa oipanga, apukute fumbi, ndipo ayese khadi kwa ora limodzi ndi pulogalamu yonga Unigine Heaven. Ikakana pamenepo, nthenda iri kwina. Ikayenda bwino, akweze liwiro la mtima lokha ndi 15 MHz, ayese, alembe m'buku, nakwezenso. Pamene khadi yayamba kukana, abwerere masitepe awiri ndi kuima pomwepo. Atatero ndi pamene angakhudze memori, nayonso pang'onopang'ono. Wosintha zinthu ziwiri nthawi imodzi sangadziwe cimene calakwa. Asalamule kompyuta kuti iziyamba ndi manambala atsopano mpaka atawayesa masiku angapo, makamaka masana otentha.

Anchito a m'migodi ya ku Kitwe ndi ku Mufulira amadziwa kuti cikepe cotsikira pansi ciri ndi muyeso wa katundu wake, ndipo palibe munthu wanzeru amene amaupitirira cifukwa ca cangu. Khadi iri cimodzimodzi. Phindu la kuiumiriza nthawi zambiri silipitirira magawo 10 pa 100, pamene mtengo wa khadi yatsopano ungathe kumeza malipiro a mwezi wathunthu, ndipo filimu ya ukwati ikaonongekera pakati mwini wake amataya ndalama ndi ulemu womwe. Akulu anati kuthamanga si kufika. Liwiro loyenera kulisunga ndi lokhalo limene khadi ingapirire nalo m'mwezi wa October.